Mankhwala ndi omwewo, koma madzi a Julayi si madzi a Febuluwale

Mlamu wanga ali ndi damu la nsomba kumtunda kwa nyanja yaing'ono ya Chia kuno ku Nkhotakota, la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, momwe amaweta makumba ndi chilunguni. Madzi amalowa m'damumo kudzera m'kangalande kochokera mumtsinje, ndipo kangalandeko kasanafike padamu kamayamba kadutsa m'madimba a anthu angapo. Mmawa wina wa mu Julayi, kukuzizira ndipo mwera ukuwomba, anapeza tiana ta nsomba timene anali atangoika tikuzungulirazungulira pamwamba ngati toledzera, tina tikudumpha, tina titagona chammbali. M'mphepete munali mutayandama ambululu ndi tizilombo ta m'madzi. Pofika masana nsomba zazikulu nazo zinayamba kutembenuza mimba.

Mkulu wina amene dimba lake lili kumtunda anavomera yekha, wosamukakamiza, kuti dzulo lake madzulo anapopera tomato mankhwala a cypermethrin, ndipo atamaliza anakhuthulira zotsala m'kangalandeko n'kutsukira sipuleya pomwepo. Koma zoti ndiye wapha nsomba anakanitsitsa. "Mwana wanga," anatero kwa mlamu wangayo, "sipuleya imeneyi ndinatsukira pomwepa mu Febuluwale nditapopera chimanga, botolo lake lomweli, ndipo sinafe nsomba ngakhale imodzi. Fufuzani bwino, alipo wakuchitani chipongwe."

Mkuluyo sankanama, ndipo n'chifukwa chake nkhani yake ndaitenga. Ambiri a ife, alimi, ogulitsa mankhwala ngakhalenso alangizi ena, timaganiza kuti ukali wa mankhwala uli m'botolo basi, kotero kuti mlingo umene sunaphe dzulo sungaphe lero. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akutidyera nsomba. Ukali wa mankhwala pa nsomba umasintha malinga ndi madzi amene mankhwalawo agweramo: kutentha kapena kuzizira kwake, matope amene alimo, mpweya umene nsomba ikupeza, asidi wake, ndi kuchuluka kwa madziwo. Malangizo aliwonse a mankhwala amene satchula madzi ndi nyengo ndi malangizo operewera kwa anthu okhala m'mbali mwa mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa komanso Chia.

Tiyambe ndi masamu a damu la mlamu wanga lija, chifukwa akuonetsa kuchepa kwa malire amene tikukamba. Damu lotere likadzaza mita imodzi limasunga malita 200,000. Botolo la cypermethrin likalembedwa kuti muli magalamu 200 pa lita, ndiye kuti kachivindikiro ka mamililita 10 kali ndi magalamu 2 a mankhwala enieniwo. Mukasungunula kachivindikiro kameneka m'sipuleya ya malita 16 n'kutsalako malita 2, zotsalazo zili ndi kota ya galamu. Kota ya galamuyo ikamwazikana m'damu lonse, lita iliyonse imalandira microgram imodzi ndi kenakake, ndipo microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Kanthu kosaoneka ndi maso, kosanunkha. Koma mayeso a m'malabotale amaonetsa kuti cypermethrin amapha theka la nsomba za mitundu yambiri m'maola 96 pa mlingo wa pakati pa theka la microgram ndi ma microgram 3 pa lita. Zotsala za mkulu uja zinali pakatikati penipeni pa malire amenewa, pomwe nsomba zingafe kapena kupulumuka, ndipo pamalo otero chogamula mlandu ndi madzi.

Mu Febuluwale madzi anali kumbali ya nsomba m'njira zitatu. Kangalande kanali kodzaza, damu likusefukira, choncho zambiri zinangodutsa. Madziwo anali ofiira ndi matope, ndipo mankhwala a gulu la pyrethroid, momwe muli cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin amene ambiri timawadziwa ndi dzina la Karate, sakonda kukhala m'madzi: amamatirira ku dothi ndi ku zinyalala zowola, kotero kuti otsala olowa m'makha a nsomba amachepa kwambiri. Njira yachitatu ndi imene anthu amaikana akaimva koyamba. Madzi a Febuluwale ndi ofunda, ndipo mankhwala a gulu limeneli amalusa kwambiri m'madzi ozizira kusiyana ndi ofunda. Amagwira ntchito potsekula tinjira ta m'mitsempha timene timayenera kutseguka n'kutsekeka msanga, mtsempha n'kumangotumiza uthenga mosalekeza, n'chifukwa chake nsomba imanjenjemera ndi kuzungulira. Kukazizira tinjirato timakhalitsa totseguka, ndiponso chiwindi cha nsomba chimachedwa kuphwanya mankhwalawo. DDT nayenso khalidwe lake n'lomweli. Mu Julayi zitatu zonsezi zinatembenuka: madzi ochepa, oyera mbee, ozizira.

Apa pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa damu la munthu mmodzi. Miyezi yozizira ndi imene madimba amakhala pachimake, tomato, mpiru, repu ndi kabichi zikupoperedwa mlungu ndi mlungu pamtunda wongoponya mwala kuchokera m'madzi. Ndi miyezi yomweyonso imene mitsinje yathu imayera n'kukhala malo olererako ana a mpasa ndi sanjika. Mpasa imachoka m'nyanja n'kukwera Bua, Dwangwa ndi Linthipe wa ku Salima kukaikira mazira pa timiyala toyera pamene madzi akuthamanga, ndipo tiana take timakhala mumtsinje kwa miyezi tisanatsikire kunyanja. Nsomba yaing'ono ndiyo imayamba kufa ndi mankhwala, chifukwa makha ake ndi aakulu poyerekeza ndi thupi lake ndipo chiwindi chake sichinakhwime. Mbali ya Bua imene ili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira 2015, ili ndi alonda oletsa ukonde ndi mono, koma mlonda sangaimitse madzi pachipata. Bua amachokera ku Mchinji, n'kudutsa m'minda ya fodya ndi chimanga ya ku Kasungu asanalowe m'nkhalangomo, ndipo akatuluka amakumananso ndi mpunga ndi madimba asanathire m'nyanja. Kuchepa kwa mpasa kuli ndi zifukwa zake zodziwika, monga kupha nsomba zoti zikaswane ndi matope okwirira timiyala toikirapo mazira, ndipo sindikufuna kuchotsa mlandu pa zimenezo. Ndikungoti nsomba imene yatsala pang'ono siyenera kukumananso ndi zotsukira sipuleya m'mwezi umene zotsukirazo zimaluma kwambiri.

Wina akhoza kuganiza kuti ndiye nyengo yotentha ndi yabwino. Ayi ndithu, chifukwa gulu lina la mankhwala limachita zosiyana. Mankhwala a organophosphate, monga chlorpyrifos amene amagulitsidwa ndi dzina la Dursban, profenofos ndi dimethoate, amakula mphamvu madzi akatentha. Nsomba ilibe kutentha kwakekwake, imatengera madzi. Akafunda thupi lake limathamanga, imafuna mpweya wambiri, imapopa madzi ambiri m'makha, ndipo lita iliyonse yodutsa m'makhamo imasiyamo mankhwala. Pamwamba pa izi, madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Lita imodzi pa madigiri 20 ingasunge okosijeni wa mamiligalamu 9, pomwe pa madigiri 30 amatsika kufika pa 7 ndi theka, ndipo kuno kunyanja, mamita oposa 470 pamwamba pa nyanja yamchere, amacheperako pang'ono. Nsomba yosowa mpweya imapuma mofulumira, n'kumeza chiphe mofulumiranso.

Taganizirani mtsinje waung'ono mu Okutobala, utaduka n'kusanduka maiwe. M'dziwe limodzi ndi momwe mwasonkhana matemba, milamba ndi makumba onse a chigawo chimenecho. Momwemo amayi akuchapa, pambali aviikapo chinangwa cha kondowole chimene pofufuma chimadya mpweya, ng'ombe zikumwa, ndipo mlimi akutunga ndi keni yomwe anasungunuliramo mankhwala. Madzi sakuyenda, dzuwa lili phwee, ndere zakuta. Ndere zimapanga mpweya masana koma usiku zimaugwiritsa ntchito, choncho mbandakucha ndi nthawi imene mpweya umatsikitsitsa. Mlingo wa mankhwala umene nsomba zikanaupirira mu Epulo umazimaliza m'dziwe lotere dzuwa lisanatuluke. Kenaka kumabwera chizimalupsa, mvula yoyamba imene imakokolola zonse zimene zinauma pa masamba, pa dothi ndi m'mabotolo otayidwa, n'kuzitsanulira m'maiwe omwewo mtsinje usanayambe kuyenda mokwanira kuti uzisungunule.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi ilipo kale m'midzi, koma ili m'manja olakwika. Opha nsomba ndi katupe sathira katupe wawo mumtsinje wosefukira wa mu Januwale. Amadikira madzi aphwe, adekhe, afunde, chifukwa amadziwa kuti ndi pamene chiphe chochepa chimagwira ntchito yaikulu. Lamulo la usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi chiphe, ndipo wochita zimenezi timamudzudzula tonse. Koma mlimi wotsukira sipuleya m'dziwe lomwelo m'mwezi womwewo amachita zofanana osadziwa, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti akugwiritsa ntchito kalendala ya wakatupe.

Za asidi wa m'madzi, amene amayezedwa ndi nambala yotchedwa pH (ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka, ikakwera ndiye kuti wachepa), ndingokhudza zitsanzo zitatu chifukwa zikukwanira kuonetsa kuti lamulo limodzi la mankhwala onse palibe. Carbaryl, amene alimi a thonje amamudziwa kuti Sevin, amaphwanyika msanga m'madzi opanda asidi: pa pH 9 theka lake limatha m'maola ochepa, pa pH 7 pamatenga masiku oposa 10, ndipo pa pH 5 amakhalitsa osasintha. Madzi a m'nyanja yathu ali cha m'ma pH 8, pomwe madzi akuda a m'madambo amatsikirako, kotero mankhwala omwewo amakhala nthawi yaitali m'dambo momwe muli matemba kusiyana ndi m'nyanja. Mankhwala opha udzu a glyphosate amachita mosiyana. Glyphosate payekha salusa kwambiri pa nsomba, koma sopo amene amasakanizidwa m'mitundu ina yake kuti amatirire pa masamba ndiye amawononga makha, ndipo amalusa kwambiri pH ikakwera ndi madzi akatentha, monga zimakhalira masana m'damu lobiriwira ndi ndere. Chachitatu ndi mankhwala a kopa amene timapopera tomato poteteza chiwawu. M'madzi a laimu wambiri, amene sopo amavuta kuchita thovu, kopa amamangika n'kuchepa mphamvu. M'madzi ofewa ngati a mvula, ochititsa thovu msanga, amakhala womasuka ndipo amapsereza makha. Alimi awiri a nsomba, wina damu lake lodalira chitsime, wina lodalira madzi a mvula pa dothi lamchenga, akhoza kulandira kopa wofanana, wina n'kulira wina osadziwa n'komwe.

Tsopano funso n'lakuti manambala a ukali amene makampani amapereka amachokera m'madzi otani. Mayeso ovomerezeka padziko lonse amachitikira m'madzi oyera, a mpweya wokwanira, kutentha kwake kosasintha, ndipo nsomba imodzi yogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi trout, yoyesedwa m'madzi osapitirira madigiri 17. Trout ilipo m'Malawi muno, koma ili m'malo ozizira ngati pamwamba pa phiri la Zomba, kumene munthu wa ku Nkhotakota amakavala juzi. Pamwamba pa nyanja yathu madzi amasewera pakati pa madigiri 23 m'nyengo ya mwera ndi 28 kapena 29 m'nyengo yotentha, ndipo maiwe osaya amapyola pamenepo. Mayeso amenewo si abodza, ndipo ndi othandiza poyerekeza mankhwala ena ndi ena. Koma sanena zimene zingachitikire kamwana ka chambo m'bango la Chia mu Novembala, ndipo chithunzi cha nsomba chimene chimajambulidwa pa lebulo sichitchula mwezi. Kwa mlimi amene wagula mankhwala opungulira m'kabotolo kopanda lebulo tsiku la msika, ngakhale chithunzicho palibe.

Ndikudziwa zimene ondikana anganene, ndipo zina n'zomveka. Choyamba amati nyanja ndi yaikulu, yakuya mamita 700, kachivindikiro kangaichite chiyani. Zoona, pakati pa nyanja kachivindikiro sikaoneka. Koma nsomba siziswanira pakati pa nyanja. Kupyola mamita 250 kunsi kulibe mpweya, kulibenso nsomba, ndipo ana a chambo, makumba ndi milamba amakulira m'madzi osaya a m'bango, pa mathiriro a mitsinje ndi m'malo ngati Chia, kumene madzi ochokera m'minda amafikira asanasakanizike ndi nyanja. Chiphe chimafikira pakhomo pa nazale, osati pabwalo.

Chachiwiri amati mlimi alibe kuchitira mwina, ndipo apa ndikugwirizana nawo kotheratu. Amene anaona mbozi za ntchemberezandonda zitalowa m'dziko muno, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pangozi, sangauze munthu kuti asiye kupopera chimanga chake. Tomato wosapopera safika pamsika. Sindikupempha kuti mankhwala aletsedwe, ndipo amene amafuula zoletsa zonse nthawi zambiri alibe dimba. Ndikupempha kuti mankhwala akhale m'munda, chifukwa nsomba za mlamu wanga sizinafe ndi zimene zinagwera pa tomato, zinafa ndi zimene zinakhuthulidwa m'madzi ntchito itatha kale, zopanda phindu kwa mlimi mwiniwakeyo.

Chachitatu ndi chimene ndimadzifunsa ndekha. Kodi kuuza anthu kuti matope amachepetsa ukali si kuwapatsa chilolezo chotsukira m'madzi amatope? Kungakhale kutero ngati tilekeza nkhani panjira. Matope amangobisa mankhwala, sawathetsa. Akadikha amatsikira pansi limodzi ndi zimene amata, ndipo pansipo, popanda dzuwa, mankhwala amakhalitsa. Pansi pomwepo ndi pamene mlamba umafukula chakudya, ntchila imapala ndere, ndipo mphutsi ndi tinkhanu timene ana a nsomba amadya timakhala. Tizilombo timeneti timafa ndi mlingo wocheperapo kuposa wopha nsomba, pajatu mankhwalawo anapangidwira kupha tizilombo. Palibe amene amapita kwa amfumu kukadandaula kuti mphutsi za m'matope zafa, koma nsomba zikasowa chakudya sizikula, ndipo msodzi amangoona kuti ukonde ukubwera wopepuka. Mankhwala opha udzu nawo ali ndi njira yawo yozembera: udzu wa m'madzi ukafa wambiri nthawi imodzi umawola n'kudya mpweya, nsomba n'kufa patapita masiku, aliyense ataiwala kale za kupopera.

Zoyenera kuchita zina n'zotchipa mochititsa manyazi. Sipuleya itsukidwe katatu kumunda, ndipo madzi otsukirawo apoperedwe pa mbewu zomwezo kapena atsanulidwe m'dzenje lakutali ndi mtsinje ndi chitsime. Madzi osungunulira atungidwe ndi ndowa imene sikhudza mankhwala, kusungunulako kuchitikire kumtunda. Mlangizi wa zaulimi ndi mlangizi wa zansomba, amene nthawi zambiri amayendera mudzi umodzi koma masiku osiyana, alankhule chinthu chimodzi ndipo atchule miyezi: kuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti oopsa kwambiri ndi a gulu la cypermethrin, ndi kuti kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika dziwe lililonse ndi lofooka ku mankhwala aliwonse. Makomiti a m'madoko, ma BVC, amadziwa kale kulanda ukonde wa maso aang'ono ndi neti za udzudzu, zomwenso zimanyikidwa m'mankhwala a gulu lomweli la pyrethroid. Atha kuphunziranso kusiyanitsa imfa ya mpweya ndi imfa ya mankhwala. Mpweya ukasowa zimayamba kufa nsomba zazikulu, mbandakucha, zikuyasamula pamwamba, achule ali bwinobwino. Mankhwala opha tizilombo amayamba ndi zazing'ono, ola lililonse, ndipo tizilombo ta m'madzi timafera limodzi. Kachipangizo koyezera kutentha, timapepala ta pH ndi botolo lagalasi loyera lotungiramo madzi tsiku lomwelo si zinthu zofuna pulojekiti ya mamiliyoni.

Zina n'za akuluakulu. Bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la 2000, liyenera kufuna kuti mankhwala ogulitsidwa kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja ayesedwe pa makumba, milamba ndi matemba, m'madzi otungidwa mu Bua ndi mu Chia, kamodzi mu Julayi kenanso mu Okutobala. Anthu odziwa ntchitoyi alipo ku sukulu ya zaulimi ya Bunda, ku Mzuzu University, ndi kumalo a kafukufuku wa nsomba ku Domasi ndi ku Senga Bay, ndipo ophunzira amene amasowa mutu wa kafukufuku chaka ndi chaka angaupeze pamenepa. Zotsatira zake zilembedwe m'Chichewa pa lebulo ndi pa khoma la sitolo iliyonse yogulitsa zipangizo zaulimi.

Amene akuti anthu a kumudzi sangatsate lamulo loyendera nyengo apite ku Mbenji kwa anzathu a ku Salima. Kumeneko mfumu yaikulu Makanjira imatseka usodzi pachilumba mu Disembala n'kutsegula mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amaulemekeza chifukwa amaona okha utaka ukabwerera. Mfumu imene ingatseke chilumba ingathenso kulamula kuti m'dera lake pasapezeke wotsukira sipuleya mumtsinje, n'kuika chindapusa cha mbuzi.

Mlandu wa mlamu wanga unafika kwa nyakwawa ndipo unathera m'malere, chifukwa panalibe amene anatunga madzi tsikulo, ndipo nsomba zakufazo zina ana anali atatola kale asanaletsedwe. Anagwirizana zongoti aliyense wa m'kangalandeko azichenjeza mnzake akafuna kupopera. Mlamu wangayo anaika thabwa potsekera madzi polowera m'damu, ndipo kuyambira Meyi amatseka madzulo aliwonse n'kutsegula dzuwa litakwera, atayamba waona ngati ambululu a m'kangalande akusambira. Mkulu uja anakumba kadzenje pafupi ndi chulu, kutali ndi madzi, ndipo ndi momwe amatsukira sipuleya yake masiku ano, ngakhale mpaka lero akamwa tiyi ndi mlamu wanga amanenabe kuti nsomba zija zinafa ndi chipongwe cha munthu.